Khoswe amene anandigwetsa pampando

Ndinauza aphunzitsi anzanga kuti masewera akale aja a pakompyuta, oyenda m'mapanga amdima ndi lupanga, kwa ine ndi kumwa madzi. Kuti akhulupirire, ndinadzijambula vidiyo ndikusewera kunyumba kwathu ku Nabvutika. Nditangolowa phanga loyamba, chikhoswe chinatulukira pakona. Ndinakuwa kuti "Mayo ine!" mpaka kugwa ndi mpando womwe. Chinandipha lupanga ndisanasolole.

Poti ndinali nditalonjeza, ndinaiikabe pa intaneti. Mwamwayi inatsekedwa tsiku lomwelo: kampani ina inati nyimbo yomveka chapatali m'vidiyomo ndi yawo. Batani lotsutsira linalipo, koma sindinalikhudze. Kusukulu ndinkangopukusa mutu: "Anthu ansanje awa, koma ndikulimbana nawo."

Tsoka lake, woimba nyimboyo anali mkazi wanga, amake Tiyese. Ankaimba nyimbo yakale ya kutchalitchi akuchapa pakhonde.

"Bambo a Tiyese, pakamwa pangapa anagula liti anthu amenewo?" anafunsa atamva nkhaniyi. Anandilanda laputopu n'kulemba okha dandaulo.

"Zisiyeni mayi, sitingawine," ndinatero, mumtima ndikupempherera kampaniyo.

Amake Tiyese anawina. Vidiyo inatseguka, ndipo anaitumiza kwa anzawo onse a kwaya kuti amve mawu awo.

Mawuwo aliyense anawayamikira. Koma Lamulungu titaweruka, mkulu wa mpingo anandigwira dzanja pakhomo, nkhope yosaseka n'komwe, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, kunyumba kuli bwanji? Khoswe uja anachoka?"