Mayi Makiyi ndi belu la masana

Pasukulu pathu, ukadutsa ofesi ya ahedi n'kukhotera kumanzere, umapeza kachipinda kamene kale tinkasungamo matsache. Lero muli tebulo, mipando iwiri, kabedi, ndowa ya madzi akumwa yovindikira bwino, ndi kabati yachitsulo yotuwa. Mwini chipindacho ndi Mayi Makiyi. Dzinali anawapatsa ndi ana, chifukwa kiyi wa kabatiyo amayenda naye m'khosi pa chingwe cha nsapato, ndipo ine ndimakayika ngati amamuvula posamba.

Kalasi yanga ndi yoyandikana ndi kachipindako, khoma lokha ndi limene latilekanitsa, choncho zambiri za mayiwa ndazimva ndi makutu angawa. Ntchito yawo ndi kusamala ana amene amamwa mankhwala nthawi ya sukulu. Anakaiphunzira atalera kale ana awo anayi, imvi zitayamba kutuluka. Ndi munthu wofatsa, wa mawu otsika, koma pa nkhani ya mapiritsi simungawagwedeze. Kholo likabwera ndi mapiritsi okulunga m'kapepala, limabwerera nawo.

"Awa ndi a chimfine chabe, mayi, musavutike," bambo wina anawachonderera tsiku lina.

"Pepani bambo, mapiritsi opanda dzina ine sindiwadziwa," anayankha akumwetulira. "Mubwere nawo m'botolo lake la kuchipatala, lolembedwa dzina la mwana ndi kamwedwe kake. Ndipo mubwere nawo nokha, osatumiza mwana."

Ngakhale ine anandikaniza. Mutu utandigwira pakati pa masamu ndinapita kukapempha kapiritsi kamodzi kokha, iwo n'kundipatsa kapu ya madzi ndi mpando. "Chilichonse cha m'chipinda muno chili ndi mwini wake, aphunzitsi." Ndinatuluka ndikung'ung'udza, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mwana wanga ndikanamusiya m'manja amenewa osacheuka.

Kamwetsedwe kawo sikasintha. Mwana angakhale amuona tsiku ndi tsiku kwa zaka, amayamba ndi kumufunsa dzina. Kenako amawerenga botolo mokweza, ngati akulengeza uthenga kwa anthu ambiri, pomwe m'chipindamo ali awiri okha. Mwana akameza, amati, "Yasamula. Kweza lilime." Akakhutira amalemba m'buku lawo, kukhoma kabati, n'kukoka chitseko chake kuti atsimikize.

Chaka china m'kalasi mwanga munabwera kamtsikana kochepa thupi, kanzeru pa masamu koopsa, koma kodwala khunyu. Adokotala analamula kuti piritsi limodzi azimwa masana, ndipo akaphonya akhoza kugwa. Masiku oyamba ankadzuka mwakachetechete n'kupita kwa Mayi Makiyi. Koma kumbuyo kwa kalasi kunkakhala mnyamata wina amene anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa chilichonse chimene waona chinkafika pasukulu ponse lisanalowe dzuwa. Iyeyo ndiye anayambitsa kanyimbo konyoza mtsikanayo chifukwa cha mapiritsi akewo, ndipo ngakhale ndinamukalipira mpaka mawu kusasa, kanyimboko kanangosamukira kubwalo.

Mtsikanayo anayamba kuthawa. Masana akayandikira ankabisala kuseri kwa zimbudzi, Mayi Makiyi n'kumamusaka ndi kapu m'manja, zimene zinangowonjezera moto. Tsiku lina sanapezeke konse, ndipo madzulo ake anagwa pabwalo ana onse akuona.

M'mawa mwake amake anafika maso ali ofiira. "Ndabwera kudzatenga botolo lake. Azikhala pakhomo, ndizimumwetsa ndekha. Sukulu ndi yabwino, koma mwana ndili naye mmodzi."

Mtima wanga unapweteka, chifukwa mutu ngati umenewo sumabwera chaka chilichonse. Mayi Makiyi sanatsutse. Anawakhazika pampando, kuwathirira madzi, n'kunena motsitsa, "Anzanga, ndibwerekeni mwanayu mpaka titsekere. Akaphonyanso, botolo ndidzabwera nalo ndekha kwanu."

Tsiku lomwelo anapita kwa ahedi, ndipo anatulukako atanyamula belu la m'manja la pasukulu, la chogwirira chamtengo, n'kukaliika pamwamba pa kabati yawo. Mawa lake pamzere ahedi analengeza kuti belu la masana azililiza ndi mtsikanayo, chifukwa sachedwa kusukulu. Basi, nkhani inatembenuka. Masana akayandikira ankatuluka m'kalasi mutu uli m'mwamba, anzake akumuchitira nsanje. Ankalowa m'kachipinda, kutchula dzina, kumeza, kukweza lilime, n'kutuluka ndi belu. Ankaliliza ndi manja awiri, ngati akufuna kudzutsa ndi akufa omwe. Pasanathe mwezi anamutcha Nabelu, ndipo kanyimbo kaja kanafa kokha.

Zinayenda choncho kwa zaka, ine ndikukwera nayo kalasiyo. Botolo likatsala pang'ono kutha amake ankabwera ndi lina, n'kukhala pang'ono akucheza ndi Mayi Makiyi za mawondo owawa ndi amuna osamva. Nabelu sanagwenso pasukulu.

Ndiye chaka chawo chomaliza, komiti ya makolo inagula belu la magetsi. Ahedi ankalinyadira ngati mwana woyamba. Mayi Makiyi anakawapempha kuti la masana lokha likhalebe la m'manja, koma iwo anati makinawo amalira okha, nanga tiziliza awiri ngati tasokonekera mitu? Anawonjezera kuti mtsikanayo wakula tsopano. Ine ndinakwiya, chifukwa kukula kwa thupi sikuchotsa manyazi, ndipo mayeso anali pafupi.

Tsiku loyamba la belu latsopano, maso anga sankachoka pa wotchi ya pakhoma. Kuseri kwa khoma ndinamva Mayi Makiyi akutsegula ndowa, madzi akuthiridwa m'kapu, mpando ukukokedwa. Nabelu anali ataweramira buku lake, cholembera chili m'manja koma osalemba. Nthawi yake yotulukira inakwana, iye osasuntha. Kumuitana pagulu ndinkaopa, kumusiya ndinkaopanso.

Kenako Wailesi, amene tsopano anali chimnyamata cha mawu okhuthala, anatambasula dzanja n'kumugunda paphewa ndi rula. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analankhula motsitsa, ngakhale kutsitsa kwa Wailesi kumamveka mpaka pakhomo.

"Nabelu, nthawi yakwana. Pita, zapabolodi ndikukopera."

Mtsikanayo anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Palibe anaseka. Mnzake wokhala naye desiki imodzi anamukankha ndi chigongono. "Iwe, tinadziwa kalekale. Ndani amapita kukaliza belu n'kubwerako akupukuta pakamwa? Fulumira, Amayi akudikira."

Nabelu anayang'ana kalasi yonse, kenako anaimirira. "Aphunzitsi, ndikamwe mankhwala anga."

"Pita, mwanawe," ndinatero, n'kutembenukira kubolodi msanga, chifukwa mphunzitsi sayenera kuoneka akulengeza misozi pa phunziro la masamu.

Kalasi inali zii, moti zonse za kuseri kwa khoma zinkamveka.

"Dzina?"

"Nabelu."

"La pabotolo, mwana iwe, usandiseweretse."

Analitchula. Botolo linawerengedwa mokweza monga mwa masiku onse. "Yasamula. Kweza lilime." Kabati inakhomedwa, chitseko chinakokedwa, ndipo apo m'pamene belu la magetsi linalira, kulira kwake kouma ngati kwa chitsulo chodulidwa.

Nabelu analemba mayeso ake n'kukhoza bwino, ndipo amake anabwera kudzatenga botolo lotsala akuseka mpaka chibwano kuwawa. Mayi Makiyi akadali m'kachipinda komweko, kiyi ali m'khosi, akubweza makolo a mapiritsi a m'kapepala ndi kumwetulira komwe kuja.

Sabata yatha ahedi anabwera okha kudzatenga belu lakale, ati likakhale m'sitolo ndi mipando yothyoka. Anapeza Mayi Makiyi akulipukuta ndi kansalu, pampando patakhala kamnyamata ka kalasi yoyamba, kamene kangoyamba kumene kubwera kudzamwa mankhwala masana, kakuyang'ana pansi ndi manyazi. Mayiwo anakapatsa belulo kuti kamve kulemera kwake, kenako anatembenukira kwa ahedi.

"Pepani ahedi, chilichonse cha m'chipinda muno chili ndi mwini wake."