Dzanja Lamanzere la Telala

Mayi aja amene anthu ankawatcha Inki Yofiira anaphunzitsa kalasi yolemba mayeso a boma zaka makumi awiri, ndipo makolo ndi amene anawatopetsa kuposa ana. Mayeso akayandikira ankawaitana makolowo Loweruka, n'kuwakhazika pa timipando ta ana awo, mawondo akugunda desiki. Uthenga unali womwewomwewo: mwana azigona msanga, aziwerenga mokweza, koma inu manja anu akhale m'thumba.

Loweruka lina anaima pamaso pa telala wina, kope la mwana wake wamkazi lili m'manja. Masamu onse anali okhoza, koma manambala anali opendekera chammbuyo.

"Bambo, mwana wanu amalemba ndi dzanja liti?"

"Lamanja, aphunzitsi."

"Nanga lamanzereli ndi landani?"

Telalayo anaseka mwamanyazi. Ankamulembera mwanayo ntchito ya kunyumba pa tebulo losokera, ndi dzanja lamanzere kuti zioneke zachibwana.

"Ndimangomuthandizako. Akalephera amalira."

"Amalira? Alire! Misozi ya m'nyumba siipha munthu." Anaponya kopelo pa desiki. "Miyezi itatu ndakhala ndikuchonga inuyo, n'kumati mwanayu kugawa akukudziwa. Ine mwandipusitsa, koma iye mwamubera."

Makolo ena anayang'ana pansi. Mayiwo sanatsitse mawu.

"Tsiku la mayeso mlonda adzakutsekerani kunja kwa geti, inu ndi dzanja lanulo. Mwana adzalowa yekha. Pamenepo m'pamene mudzamve kulira kwenikweni."