Ndinabisa Malata a Amayi Pansi pa Adubo

Ndinawononga ndekha malata a nyumba ya amayi anga, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Chibwerereni kothawa nkhondo ku Malawi, amayi ankagona m'nyumba yaudzu kwathu ku Lifidzi. Ndinawalonjeza kuti asanatsikire kulichete adzagona m'nyumba yamalata. Ndikagulitsa kachewere ku Ulongwe ndinkagula malata awiri kapena atatu, mpaka anakwana makumi awiri.

Vuto langa ndi loti ndine woumira. Kwathu kuno abale akadziwa kuti uli ndi malata, amabwereka kukamangira chisakasa cha pamaliro, ndipo amabwera nawo opindika. Choncho ndinawayala m'chipinda, padothi penipeni, n'kusanjikapo matumba a adubo, feteleza wakumunda uja, kuti asaoneke. Mkazi wanga anandichenjeza kuti, "Bambo a Rozi, matumbawa akuchita thukuta." Ndinamuyankha kuti za zitsulo azisiyira amuna. Kwa zaka zitatu, matumba akatha ndinkaikapo ena.

Inu owerenga, adubo ali ngati mchere. Amakoka chinyezi, makamaka ndi nkhungu yakumapiri kuno. Madzi akewo amalowa pakati pa malata n'kudya kuwala kwapamwamba kuja, kenako dzimbiri limadya chitsulo chenichenicho. Ine zimenezi sindinkazidziwa.

Amayi atayamba kudwaladwala ndinamanga zipupa mofulumira. Tsiku lofolera, ine ndi mmisiri tinachotsa matumba. Mayo ine! Malata anali atamatirirana, ali psuu ngati katondo. Tikanyamula lata limodzi, dzuwa linkaonekera m'mabowo. Abwino anapezeka atatu okha. Ndinakhala pansi n'kulira pamaso pa mmisiriyo.

Amayi anabwera ndi ndodo yawo, n'kusisita lata limodzi. "Usalire mwanawe," anatero. "Ukafolere khola la nkhumba, zisamanyowe." Anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe, ndisanapeze malata ena.

Abale anga, chitsulo sichigwirizana ndi chinyezi, mchere kapena adubo. Malata muziwaika pamitengo, mopendeketsa, pouma ndi podutsa mphepo, ndipo muziwayendera. Khasu kapena njinga zikakhudza adubo, tsukani, pukutani, pakani mafuta. Mukaona dzimbiri palani kaye musanapake penti. Ndipo wapanyumba akakuchenjezani, mverani.

Ndinachita monga ananenera amayi. Lero nkhumba zanga zimagona pansi pa malata awo, pamene iwo sanagonepo ngakhale tsiku limodzi.