Mlendo Saboola Denga

Alamu anga a Weston Semba anasonkhanitsa mafani a kudenga khumi ndi imodzi, koma kwa zaka makumi awiri panalibe ngakhale imodzi imene inazungulirapo pamwamba pa mutu wa munthu. Onse ankakhala mushedi kuseri kwa nyumba yawo ku Ilford, kuno ku London, atafunditsidwa mabulangete abwinobwino amene achemwali anga a Eliza ankawafunafuna chaka chilichonse kukayamba kuzizira. Ine ndine Victor, mlongo wawo wa a Eliza. Ndimayendetsa galimoto yonyamula odwala, ndipo msana wangawu ndi umene unasenza ambiri mwa mafani amenewo, choncho ndili ndi ufulu woyankhulapo.

A Weston kwawo ndi ku Nsanje, kumene mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anagwira ntchito ya zamagetsi pachipatala china kumeneko zaka khumi ndi zinayi. M'mawodi monse munali mafani akalekale a kampani ina yotchedwa Denholt, olemera ngati mtondo, ndipo wowasamala anali iwowa. Amati fani ikaima muwodi, odwala ankayamba aitana Weston, dokotala pambuyo. Achemwali anga anali nesi wachitsikana pomwepo. Mpaka lero amanena kuti chimene anayamba kuona kwa mwamuna wawo ndi nsapato, zili pamakwerero, nkhope n'kudzaiona mawa lake.

Pa fani iliyonse panali kachitsulo kolembedwa dzina la kampaniyo, m'munsi mwake mawu akuti Woolwich, London. Alamu anga anakawerenga kachitsuloko tsiku ndi tsiku mpaka anakhulupirira kuti ku London kulibe nyumba yopanda fani. A Eliza atapeza ntchito ya unesi kuno mu 2003, iwo anatsatira, ndipo sabata yoyamba yomweyo anatchena suti ndi tayi, masatifiketi mu envulopu, ulendo wa ku Woolwich kukapempha ntchito kwa eni mafani. Anazungulira tsiku lonse. Pamene ankayembekezera fakitale anapeza mafulati okhaokha, ndipo nkhalamba ina ya pamsika inawauza kuti malowo anatsekedwa iwo akadali kupulayimale. Koma chimene chinawapweteka kwambiri si chimenecho. M'mawindo onse amene anasuzumira pobwerera, kudenga kunali mbee, kopanda kanthu. Anthu aja ankapangira ife a kotentha, eni ake akuwothera mahita.

Anapeza ntchito yokonzakonza zinthu panyumba ina yosamalira okalamba ku Wembley: kusintha mababu, kumanga mipope yodontha, kukonza mawilo a mipando. Tsiku lina akuweruka anaona mapiko atatu atatulukira pamulu wa zinyalala, panja pa lesitilanti ya amwenye imene ankaigumula mkati. Anapukuta fumbi ndi chala, n'kuona kachitsulo kaja. Anainyamula paphewa mpaka musitima, anthu akuwapatsa mpata ngati anyamula chikuku. Imeneyo inali yoyamba. Ena onse anatuluka m'malo otero omwewo, m'maholo akale, m'mashopu a zinthu zakutha, kwa ana a anthu amene anagwirapo ntchito kumaiko otentha n'kubwera nazo. Ine nditafika kuno mu 2009 ndinapeza ali asanu, ndipo ntchito yonyamula inandipeza ndisanamasule n'chikwama chomwe.

Kayesedwe kawo kanali kodabwitsa. Popeza sankapachika, ankaigoneka fani chagada patayala lakale, n'kuimanga ndi zingwe, mapiko akuyang'ana kumwamba. Akayatsa, mphepo yonse inkapita kudenga la shedi. Kenako ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pamota, chogwirira kukhutu, maso ali tsinzi. Ankatha mphindi khumi ali choncho, ine nditaima pakhomo ndi tiyi wozizira.

"Tamverani, alamu," ankatero akundipatsa sikuludiraiva ija. "Iyi ndi ya chaka cha fifty-six, body yake cast iron yeniyeni. Imeneyi ndi besi. Tsopano iyo ya seventy-two, aluminium, anayamba kuchenjera anthu ake. Ikuzungulira, inde, koma mawu alibe. Ndi alto wa chimfine."

"Ine ndikungomva phokoso, alamu."

"Ndiye vuto la madalaivala limenelo. Makutu munagulitsa kwa hutala."

Onse anali ndi malo awo mukwaya imeneyi, ndipo mndandanda unkasintha akapaka girizi watsopano. Yokhayo yoyamba ija, ya pazinyalala, sinkasuntha pamalo omaliza. Inali ndi kachilema, ikazungulira kamodzi inkati tche, ikazunguliranso tche. Munthu amene ankatha kumasula mota yonse ndi maso otseka sakanalephera kuchotsa kaphokoso kameneko. Ndinawafunsa kangapo, yankho linali limodzi: "Imeneyo isiyeni."

Mafaniwa anali a nyumba ya ku Nsanje. Inkamangidwa pang'onopang'ono, mng'ono wawo Evance akuyang'anira ndi kutumiza zithunzi pafoni. A Weston analamula kuti zipupa zikwere kupitirira za nyumba wamba, chifukwa fani ya Denholt imafuna mpata, ndipo anthu odutsa ankaima n'kufunsa Evance kuti ndi mpingo wanji ukubwera. M'mitanda ya kudenga anaikiratu mbedza zachitsulo khumi ndi imodzi, mpaka pakhonde ndi kukhitchini komwe. Ankati akadzapuma ntchito adzapachika okha, imodziimodzi, wina aliyense asadzakhudze.

Achemwali anga maganizo amenewo analibe. Mwana wawo Sekani anakwatira konkuno, adzukulu awiri ali pafupi, ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi koma agogo awo amawafuna Loweruka lililonse. A Eliza ankati ku Nsanje adzapita kukaona, osati kukakhala. Nkhaniyi sankaikambirana poyera. Ankakanganirana fani. Nyumba ya ku Ilford anagula mu 2012, denga la pabalaza ndi lalitali bwino, panalibenso landilodi woti awaletse. Chilimwe chilichonse a Eliza ankapempha kuti imodzi yokha ipachikidwe, ndipo chilimwe chilichonse yankho linali lomwelo.

"Mayi a Sekani, mlendo saboola denga. Mlendo ndi mame."

Mwambi wa mamewo ndi wa tonse, koma wa dengawo anapeka okha, ndipo ankaunena ngati unachokera kwa makolo. Mu Julaye wa 2022 kunatentha mwakuti ngakhale ife a kwathu tinasowa pokhala. Ndinawapeza achemwali anga atakhala pansi pabalaza, thaulo lonyowa pamutu, akudzikupiza ndi kalata ya khonsolo, mamita khumi okha kuchokera pa mafani khumi ndi imodzi. Tsiku limenelo ndinapsa mtima. Ndinawauza alamu anga kuti uku si kukonda kwanu ayi, ndi nkhanza. Anandiyang'ana, kenako anatuluka kupita kushedi. Mawa lake a Eliza anagula kafani kapulasitiki koimika pansi, ndipo a Weston ankakalambalala ngati galu wa eni.

Ndinkawaseka, koma pansi pa mtima ndinkawamvetsa. Tonsefe tili ndi kanthu kena kamene timakana kuchita kuno poopa kuti tikachita ndiye kuti takhazikika. Wina sagula mipando yabwino, wina sabzala mtengo. Ine ndemwe sutikesi imene ndinabwera nayo ikadali pamwamba pa wadiropu, ndipo ndimaipukuta fumbi.

Chaka chatha, atangopuma ntchito, miyendo inayamba kutupa. Anazengereza monga achitira amuna a kwathu, mpaka a Eliza anawakokera kuchipatala. Impso zonse ziwiri zinali zitatopa. Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, maola anayi pamakina osefa magazi. Masiku ena wowanyamula ndinkakhala ine, pantchito yanga yomweyi. Ulendo wina pobwerera, ali kumbuyo atafooka, anandifunsa mtunda wa kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre, kumene kuli makina oterowo. Mtunda umenewo amaudziwa kuposa ine. Ndinawauzabe. Anangoti, "Katatu pa sabata." Kwa miyezi isanu sanapondeko kushedi, ndipo zithunzi za Evance ankangoziona osayankha.

Loweruka lina m'mawa mu Novembala foni inalira.

"Alamu, muli free? Mubwere ndi ladder. Drill ndili nayo."

Ndinapeza mafani khumi atandandalikidwa mukhonde la m'nyumba, atakulungidwa m'makatoni, iliyonse italembedwa dzina la Evance ndi chipinda chake. Anati kontena inyamuka kumapeto kwa mwezi, ndipo Evance amulembera kale malangizo a kapachikidwe, masamba anayi. Mabulangete onse aja anali atapindidwa pampando. Patebulo la pabalaza panali fani imodzi, ija ya pazinyalala, itapukutidwa mpaka kachitsulo kake kakuwala. A Eliza anali atapita kumsika.

"Muzimitse magetsi pa fuse box, muchotse light. Mbedza ilowe pa joist, osati pa plaster."

Ndinakwera, n'kuyamba kugogoda denga kufunafuna pamene pali mtanda. Iwo ali pampando anati ndiyang'ane chakumanja kwa getsi. Panali kachizindikiro ka pensulo, kakang'ono, kofufuma.

"Munalemba liti aka?"

"Tsiku lija munandinena za nkhanza. Ndinakwera, ndinayeza. Kenako ndinatsika."

Manyazi anandigwira pamakwerero pomwepo. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, achemwali anga analowa ndi majumbo awiri. Anayang'ana makatoni, anayang'ana fani patebulo, kenako ine ndi chobowolera m'manja. Majumbo anawaika pansi pang'onopang'ono.

"Victor, tsika."

"Achemwali, ine ndangotumidwa."

"Ndati tsika." Anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo a Sekani, musatero. Dokotala ananena kuti mwina transplant, kukuikani impso ina. Simukudziwa za mawa. Ibwezeni kushedi, ine kutentha ndinazolowera."

Zaka khumi ndi ziwiri mayi ameneyu anapempha bowo limeneli, ndipo lero anaima pakati pa balaza kulikana. Ine ndinangoti kakasi, osadziwa womvera.

"Mayi a Sekani," anatero a Weston mofatsa, "mlendo wa zaka makumi awiri ndi chimodzi ndi mlendo wanji? Mame ake sakamuka? Ndakuzunzani mokwana. Boolani, alamu."

Ndinaboola. Fumbi loyera linagwera pakapeti ndi pamutu panga. Ntchito inatenga ola lathunthu, iwo akulamula ali pampando, waya uti apite pati, nati iti ndiimange kawiri. Kuikweza fani ija kunafuna anthu awiri, ndipo amene anagwira makwerero ndi kundipatsira mapiko anali a Eliza, misozi ili m'masaya, osaipukuta.

Titabwezeretsa magetsi a Weston anadzuka okha kukayatsa. Mapiko anayamba mwaulesi, kenako anagwira liwiro. Kunja kunali kamvula kozizira, tonse tinali m'majekete, ndipo mphepo ija inatsika pamitu pathu n'kuulutsa pepala la masiku a kuchipatala limene linali patebulo. Tche. Tche. Tche. A Eliza anatenga limodzi la mabulangete aja n'kuwafunditsa amuna awo m'miyendo, kenako anakhala pambali pawo.

"Mukuimva?" anafunsa a Weston, maso ali kudenga.

"Ndikuimva."

"Ikulira ngati iti?"

"Male ward. Ya pafupi ndi khomo, imene munkangoikwerera tsiku lililonse osaimaliza."

"Ndikanaimaliza ndikanabweranso ndi chifukwa chanji kuwodi kwanu?"

Achemwali anga anaseka akulira. Ine ndinayamba kupinda makwerero kuti ndipeze poyang'ana, chifukwa chisoni chinandigwira kuposa tsiku limene tinamva za impso. Ndikutuluka ndi katoni yoyamba kupita nayo kugalimoto, alamu anga anandiitana.

"Alamu, Evance akawerenga apeza mafani khumi, mbedza khumi ndi imodzi. Adzafunsa."

"Ndimuuze chiyani?"

"Yotsalayo ndi ya kuchipinda kwathu. Mumuuze asaichotse."