Amayi Atakwezedwa

Mawu akuti "kukwezedwa" ndimadana nawo, ndisaname. Anthu amawatchula akumwetulira, ngati munthu akapatsidwa udindo wapamwamba ndiye kuti wapuma. Ine ndinaonera pa amayi anga.

Amayi anali telala pakampani yosoka mayunifolomu. Makina awo anali a pawindo, ndipo ankawadziwa moti akangomva kulira kwake ankatha kunena kuti ulusi uduka posachedwa. Atelala a pamzere wawo anali ndi kachitidwe kawokawo: wina akakhotetsa msoko, woyandikana naye ankaumasula mwakachetechete n'kusokanso abwana asanaone.

Tsiku lina abwana anawaitana. "Mayi, takukwezani. Kuyambira mawa ndinu kapitawo. Muziyang'anira anzanu, zosoka musiye basi."

Kunyumba chimwemwe chake! Azakhali kuvina pakhonde, amalume kuyamba kuwatchula kuti "bwana". Eni ake ankangoti zikomo, nkhope ili ndwii.

Ukapitawo wakewo, abale inu, unali woimirira tsiku lonse, kuzungulira m'mizere mpaka miyendo kutupa. Anzawo akawaona akubwera, nkhani zii. Nkhomaliro ankadya okha pakona. Akafika kunyumba ankangodziponya pampando, nsapato osavula. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kubwerera pamakina awo.

Anakapempha. Abwana anadabwa. "Timatsitsa munthu akalakwa. Inu mwalakwa chiyani?"

Amayi ndi nkhutukumve, ine ndinatengera iwo. Anapemphanso, kupemphanso, mpaka abwana anatopa nawo. "Chabwino, khalanipo. Sokani kolala imodzi tione."

Anakhala pansi, kupukuta manja m'chovala, n'kutenga ulusi kuti aulowetse pasingano. Waphonya. Anaunyowetsa ndi malovu, kuyandikitsa nkhope. Waphonyanso. Makina ena aja anayamba kuima, amodziamodzi.

Mnzawo wakale, amene ankakhala naye moyandikana, anawerama n'kuwanong'oneza. "Achemwali, musadzivutitse. Maso anuwa anatha kale. Misoko yanu ndinkasokanso ndine, mpaka ndinalephera kumaliza yanga. Ndine ndinakagwada kwa abwana kuti asakuchotseni ntchito, bola akukwezeni."

Amayi anauika ulusi uja patebulo bwinobwino, n'kuimirira mogwira mpando.

"Mwaimiranji nonsenu?" anatero. "Tiyeni, sokani."

Pondifotokozera zimenezi sanalire, ndinalira ndine. Mpaka lero akadali kapitawo, ndipo amati akamazungulira m'mizere, wa pawindo amaulambalala.