Phiri limene a Ertie analisenda

A Ertie Isbister anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamobe, yomaliza musanayambe kukwera phiri la kumtunda kwa mudzi wathu, pa chilumba china cha ku Shetland. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'sitima yowolotsa anthu, koma nyanja inkawadwalitsa, ndiye anabwerera ku nkhosa za bambo awo. Ine ndinakulira kumunsi kwawo pang'ono. Sindikumbuka tsiku limene ndinawamva akukweza mawu.

Kuno mitengo kulibe, moto timaukumba m'phiri. Meyi akafika, nkhosa zitatha kuswa, banja lililonse limakwera kudera lake kukadula dothi lakuda lija m'zibuma zonga njerwa, n'kuziyanika pamphepo kuti zidzayake m'nyengo yozizira, yomwe kuno timaitcha nyengo ya mdima. Usanafike pa dothilo umayamba wasenda udzu wapamwamba, m'zigamba, pamodzi ndi mizu yake. Zigambazo umaziyala tsiku lomwelo pomwe wakumba kale, n'kuzipondaponda kuti zigwire. Palibe amene amatsika kukagona atasiya phiri lili pambalambanda. Pomwe akumba a Ertie, pofika Julayi sukanadziwa kuti panadutsa munthu.

Chaka chimene maso a akazi awo, a Mima, anayamba kuchita khungu, nyengo ya mdima inawatalikira. Dzuwa linkangosuzumira masana n'kubwerera. A Mima anali atasiya kuluka majuzi. M'chipinda cha mwana wawo Osla, yemwe anali atapita kukagwira ntchito kumzinda wa Aberdeen, munatsala mabuku atatu a nkhani imodzi, omwe achinyamata onse ankawathamangira zaka zimenezo. A Ertie anayamba kuwawerengera akazi awo, chala chili pamzere.

Inali nkhani ya dziko la m'tsogolo, lomwe olamulira analitentha dala kuti anthu azidalira nkhokwe zawo zokha. Ponseponse phulusa. Mtsikana wina dzina lake Sefa anapeza kachigamba ka udzu wamoyo pansi pa bwato lovundikirika, n'kumakabisa, kumakagawa, kumakachulukitsa. M'buku lachitatu muli nkhondo, koma imatha bukulo likadalipo. Masamba omaliza ndi a Sefa ndi anzake akuyala zigamba za udzu paphiri lakuda, chimodzichimodzi, mvula ikuwaza.

"Amene analemba izi anakumbapo dothi," anatero a Ertie atatseka buku.

"Kapena ankangoonerera ena akukumba, ngati mlongo wanga Lowrie," anayankha a Mima. "Yambiraninso loyamba lija. Mumawerenga ngati mukukoka ng'ombe pamatope, koma ndazolowera."

Patadutsa zaka zingapo, kumayambiriro kwa Meyi, opanga mafilimu anafika ndi magalimoto awo akuluakulu. Mafilimu a mabuku awiri oyamba anali atatuluka kale. Tsopano ankajambula yomaliza, ndipo ankafuna phiri lakuda lopanda udzu. Mayi woyang'anira za malo, dzina lake Imogen, anayenda khomo ndi khomo kupempha woti asende dera lake lonse. Onse anakana. A Lowrie anamuuza kuti ngati akufuna phulusa abwere adzapale m'mbaula mwawo.

A Ertie anangofunsa funso limodzi. "Nanga mathero aja, oyala udzu, mudzajambulira kuti?"

"Mwina konkuno, bambo, cha m'Seputembala," anatero Imogen. "Akuluakulu sanamalize kugwirizana."

Mawu akuti mwina a Ertie sanawamve. Bukulo ankalidziwa, ndipo kwa iwo mathero anali amodzi basi.

Anasenda dera lawo lonse, mpaka pamalo potsetsereka pomwe bambo awo sankakhudzapo. Kumunsi kwa malowo kuli munda wa msipu wa a Lowrie ndi kamtsinje komwe nkhosa zawo zinkamwa. Ojambula anajambula masiku ochepa n'kulongedza. Imogen anati anyamata ake abwezeretsa udzuwo asanachoke. A Ertie anakana.

"Mukabwezera lero, Sefa adzayala chiyani?"

Anasanja zigambazo m'milu m'mbali mwa phiri, kuti mtsikanayo adzazipeze.

A Lowrie anawapeza pamilupo Juni atangoyamba.

"Alamu, mwadya chiyani? Inu amene munandibweza ndili kale pakhomo chifukwa ndinasiya chigamba chimodzi chitagada?"

"Ndi kanthawi chabe. Abweranso."

"Kanthawi! Phiri limawerenga mabuku? Munaliuza kuti lidikire tsamba lomaliza?"

"Mukanawerenga inuyo mukanamvetsa."

"Ine ndimawerenga mitambo, alamu. Ndipo munda uli pansi apowo ndi wanga, si wa Sefa wanuyo."

Chilimwe chimenecho chinali chouma, usiku wake wosada. A Ertie ankakwera ndi zidebe za madzi kukathirira milu. Sizinathandize. Zigamba zapansi zinachita chikasu, kenako zinatuwa, mizu n'kuuma. Dothi lopanda chofunda linang'aluka ming'alu yolowa dzanja.

"Ine sindiona," anatero a Mima tsiku lina, "koma juzi yanuyi ikununkha udzu wowola."

"Abwera, mayi."

"Chimene chikubwera ndi mphepo ya kunyanja. Kayaleni udzu, nkhalamba inu."

Seputembala anafika. Atsekwe anadutsa kulowera kumwera. Pamsewu wochokera kudoko sipanaoneke galimoto yachilendo. Mu Okutobala a Ertie anaimba foni, ndipo mnyamata wina anawayankha mwaulemu kuti mathero anasinthidwa ndipo anajambulidwa kale m'chinyumba chachikulu chojambuliramo mafilimu kumwera uko.

A Ertie anakwera phiri tsiku lomwelo. Mawa lake tinakwera tonse amene tinali ndi mawondo, a Lowrie kutsogolo. Zigamba zambiri zinkangophwanyika m'manja ngati buledi wakale. Zomwe zinali zikadali zathunthu tinaziyala, tinazipondaponda, koma udzu unali utasiya kale kukula. Sizinagwire. Zinangokhala pamwamba pa dothi ngati mbale patebulo.

Mvula ya Novembala inagwa masiku otsatizana, ikulowa m'ming'alu muja. M'mawa wina tikumwa tiyi tinamva phokoso ngati lole ikukhuthula miyala. Mbali yonse yotsetsereka ija inali itatsika. Matope akuda anakwirira munda wa a Lowrie, mpanda wamiyala, kamtsinje, ndi nkhosa zazikazi zomwe zinabisala mphepo kuseri kwa mpandawo.

A Ertie anafika akuthamanga, fosholo m'manja. "Alamu..."

"Lero musanditchule alamu," anatero a Lowrie. "Kaoneni m'buku mwanu muja, mwina muli tsamba la nkhosa zanga."

Komiti yoyang'anira phiri inakumana Khirisimasi isanafike. Inagamula kuti a Ertie asadzakumbenso dothi kumeneko. Iwo anavula chipewa, anavomera, n'kutuluka.

Filimu inatuluka chaka chotsatira, nthawi ya mphepo zamkuntho. A Ertie sankafuna kukaionera. A Mima ndiwo anaumirira.

"Ndikufuna ndikamve ndi makutu anga chimene nkhosa za mlongo wanga zinafera."

Ndinawatenga pagalimoto yanga kupita kutawuni ya Lerwick. M'holo yoonetsera mafilimu munadzaza achinyamata. A Ertie anakhala chowongoka, akuwanong'oneza akazi awo zomwe zikuoneka.

Sefa wa m'buku anali wamfupi, wa zikhadabo zakuda, wosalankhulalankhula. Wa mufilimu anali wamtali, nkhope yoyera ngakhale akugona paphulusa, mfuti paphewa. Bwato lovundikirika munalibe. Kachigamba ka udzu kaja anakasandutsa kambewu kowala m'botolo lagalasi, komwe aliyense ankalimbirana. Nkhondo yomwe m'buku imatha msanga inadya filimu yonse. Phiri lathu linaoneka kanthawi kongokwana kupuma kamodzi, kumbuyo kwa Sefa ndi mnyamata wina akupsompsonana, ndipo anali atalidetsa kwambiri moti likanatha kukhala phiri la kulikonse. Ineyo ndinalizindikirira mwala wina wong'aluka.

Pomaliza nyumba ya olamulira inagwa, botolo linasweka, nyimbo inakwera, ndipo udzu unathamanga dziko lonse ngati madzi otayika.

"Wayamba kuyala?" anafunsa a Mima.

"Ayi. Wamera wokha."

"Wokha?"

"Dziko lonse. Kamodzin'kamodzi."

Achinyamata anaomba m'manja. Mtsikana wina kutsogolo kwathu ankalira ndi chimwemwe, ndipo sindinganene kuti analakwa.

Pobwerera mphepo inkakankha galimoto. Titayenda mtunda wautali, a Ertie anayamba, maso ali pawindo.

"M'buku mwana uja anagwada mpaka mawondo kutupa. Zigamba zambiri zinamufera, akumayambiranso. Ndicho chinali nkhani yonse. Apa palibe amene wagwada ndi mmodzi yemwe."

"M'bukumo sanasende phiri la eni ake kuti adzaliyale anthu akumuonerera," anatero a Mima. "Filimu yanama, inde. Koma si filimu inakana kuti anyamata aja abwezere udzu."



Kuyambira pamenepo, Meyi aliyense, ife tikamakwera kukadula dothi, a Ertie amasenda zigamba m'munda wawo wabwino wa kuseri kwa nyumba, n'kuzikankha pawilibala kukaziyala pachilonda chomwe chinatsala paphiri paja, kuyambira kumunsi. Komiti inawalola zimenezo. Nyengo ya mdima imakokolola zambiri mwa izo. Munda wawo ukuchepa, ndipo nkhosa zina anagulitsa chifukwa msipu sukukwanira. Msana wawo wapindika. Osla amawauza pafoni kuti asiye, iwo amangoti amva.

A Lowrie amabwerabe Loweruka kudzapatsa mlongo wawo nsomba. Akaona wilibala pakhomo, amadziwa kuti a Ertie alimo, ndiye amakoleka nsombazo pachitseko n'kubwerera.

Chaka chino ndinakwera kukaona nkhosa zitangotha kuswa. Kumunsi kwa chilondacho kuli mzere wobiriwira wagwira, m'lifupi mwake ngati chitseko. Kumtunda kwake dothi likutsikabe mvula ikagwa. Kamtsinje kakuyenda kakuda, ndipo nkhosa za a Lowrie zikumwera m'bafa lakale lomwe mwini wake amalidzaza ndi madzi a pampopi.