Klampu Yoyang'ana Kukhoma

Pamsewu wa magalaja panali makaniko wina amene aliyense ankangowatcha kuti a Ndikudziwa. Dzinali silinachite kugwa kumwamba. Ukati uwafotokozere mmene galimoto yako ikulilira, usanafike n'komwe pakati, iwo: "Ndikudziwa." Ngakhale tsiku limene akazi awo anawauza kuti atopa, akubwerera kwawo, akuti anayankha chimodzimodzi ali chigonere kunsi kwa lole, miyendo yokha ili panja.

Anakhala mu ovololo zaka makumi atatu, koma nzeru zake zinali zomwe zija anatola chaka choyamba. Mdani wawo wamkulu anali kachitsulo kochepa zedi, klampu ya sipuling'i. Iyi ndi mphete yachitsulo imene imakumbatira paipi ya madzi a injini, n'kumaifinya yokha nthawi zonse, kutenthe kuzizire. Kuti uitsegule pamafunika pulayazi yakeyake, ndipo a Ndikudziwa analibe. Tsiku lina ali mnyamata anaikoka ndi pulayazi wamba, inafwamphuka n'kuwang'amba mlomo. Kuyambira pamenepo anailengeza kuti ndi chinthu cha alesi. Iliyonse imene aipeza pagalimoto ankaizula n'kuiponya m'chitini cha penti pakona, n'kuikapo klampu yonyezimira ya kabawuti, yomanga ndi sikuludiraiva.

"Chitsulo chizimva dzanja la mwamuna," ankatero, uku akumanga mpaka labala wa paipi atatuluka m'timabowo ta klampuyo.

Makasitomala anatha mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba. Ambiri anangowoloka msewu kupita kwa mng'ono wawo wa a Ndikudziwa, munthu wosalankhulalankhula amene anaphunzira ntchito kwa iwo omwewo, kenako n'kuphunziranso yeniyeni kwina. Pomaliza panatsala munthu mmodzi yekha padziko amene ankakhulupirirabe manja awo: mwana wawo wamkazi, mphunzitsi. Iyeyu sankalola kuti wina anyoze bambo ake, ngakhale mwamuna wake. Ndipo tinene zoona, a Ndikudziwa ankadziwadi chinthu chimodzichi, chakuti mwanayu akadzasiya kuwakhulupirira ndiye kuti zawo zatha.

Mphunzitsiyu atagula galimoto yake yoyamba, yakale ndithu, yosuta ngati mbaula yonyowa, anaibweretsa kwa bambo ake. Mkamwini anayesa kunong'oneza zowoloka msewu, koma anakhalitsidwa chete ndi diso lokha.

A Ndikudziwa anatsitsa injini yonse n'kuiika patebulo. Apa m'pamene anasangalala, chifukwa injini ikakhala patebulo umaizungulira mbali zonse ngati mwini munda. Kumbuyo kwake kuli kapaipi ka madzi kakafupi, kamene injini ikabwerera m'malo mwake kamatsamira khoma la galimoto lolekanitsa injini ndi pokhala anthu, kunsi kwa mawaya ndi mapaipi ena. Anazulapo klampu ya sipuling'i, m'chitini gwaa, n'kumangapo yawo ija. Poti anaima kumbuyo kwa injiniyo, mutu wa kabawuti unayang'ana kwa iwo.

Mng'ono wawo, amene anabwera kudzabwereka jeke, anaima n'kuyang'ana.

"Achimwene, pamenepo bwezeranipo ya sipuling'i. Labala watsopano akatenthedwa amafota, ya kabawuti imafuna kudzamanganso pakatha sabata. Nanga mudzafikapo bwanji? Mutuwo ukayang'ana kukhoma."

"Ndikudziwa."

"Bola muitembenuze iyang'ane m'mwamba."

"Iwe, sipanala unaigwirira m'manja mwa ndani? Tenga jeke uzipita."

Anapitadi. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Galimoto inalira bwino, mwana anavina pabwalo la galaja, bambo chifuwa chili patsogolo. Patatha masiku khumi mphunzitsi uja anadutsa m'mawa akupita kusukulu.

"Ababa, pamene ndimaimika galimoto pakumakhala timadzi tobiriwira pansi."

"Ndikudziwa. Isiye, udzaitenga madzulo."

Atatsegula boneti anaona dontho likulendewera kumene kuja. Analowetsa dzanja, linathera pachigongono. Sikuludiraiva yaitali inafika pa klampu koma kumsana kwake. Yaifupi inagwera m'kati n'kusowa. Anagona pansi, anakwera pamwamba, anapinda waya, anasupuka zala zonse, koma kabawuti kanali kuyang'ana khoma kosatekeseka. Njira zinali ziwiri zokha: kumasula theka la zinthu za pamwamba pa injini, ntchito ya masiku awiri, mng'ono wawo akuonerera patsidya. Kapena kuwoloka msewu n'kukapempha thandizo. Munthu wanzeru akanasankha chimodzi mwa ziwirizi. Iwo anatenga chigubu, anadzaza madzi mu rediyeta, n'kupukuta pansi ndi chiguduli.

"Linali thukuta chabe la injini yatsopano," anamuuza mwanayo madzulo. "Uzidutsa kuno m'mawa uliwonse ndiziimvetsera kaliridwe."

Ndiye kwa masabata atatu bambo wamkulu, imvi zili mbuu, ankatuma mwana wake kukagula nyuzipepala kuti iye athire madzi mwakuba. Chigubu chinayamba ndi kapu imodzi, kenako ziwiri, kenako theka lonse. Zinali zomvetsa manyazi, ndipo iwo manyaziwo ankawamva, koma ankaopa kwambiri mawu atatu akuti "ndinalakwitsa mwana wanga" kuposa injini kupsa.

Lachisanu lina mwanayo anawauza kuti mawa lake apita kumzinda wina kukalemba mayeso okwezedwa pantchito, amene anawadikira zaka zinayi. Ulendo wa maola atatu, wokwera mapiri.

"Ifika, eti Ababa?"

Anayang'ana chitini cha pakona, anayang'ana mwana wawo akumwetulira.

"Galimoto imeneyi ndaimanga ndine," anatero.

Inafika pachitunda chachiwiri. Paipi inavuka, nthunzi inaphimba galasi, injini inagogoda kawiri n'kuzima. Mphunzitsi anafika pakhomo la mayeso atakwera lole ya mchenga, anzake akutuluka.

Lolemba galimoto inabwera chokokedwa, koma inaima patsidya. A Ndikudziwa anaonerera ali pakhomo la galaja yawo mng'ono wawo akumasula zinthu mwakachetechete, mpaka anatulutsa klampu yonyezimira ija n'kumuonetsa mwanayo. Anamuonetsanso madzi a mu rediyeta. Mankhwala obiriwira amene anathiramo poyamba anali atatha, munali madzi oyera a pampopi okhaokha. Mphunzitsi sanafunikire wina womuwerengera zimenezo.

Anawoloka msewu yekha. Sanakalipe, ndipo bambo ake akanakonda akanakalipa.

"Ababa, a bambo aang'ono akuti klampu yoyenera saizi imeneyi ikusowa m'mashopu. Akuti imene munachotsa ija muli nayo."

A Ndikudziwa anakhuthula chitini pansi. Timphete tambirimbiri tinabalalika pasimenti, ta zaka makumi atatu, tina tadzimbiri. Anagwada n'kuyamba kufufuza ndi zala zawo zosupuka zija. Ya galimoto ya mwanayo inali yosavuta kuizindikira, inali yoyera kuposa zonse. Anaipereka ndi manja awiri.

"Mwana wanga, madzi aja... ndinkafuna kukuuza kuti..."

"Ndikudziwa, Ababa," anatero mwanayo.

Anaika kachitsuloko m'chikwama chake, anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kuwoloka msewu.